Mzere Wachinayi wa Khadi la Tiyani

Kuseri kwa nyumba yosungiramo mahelikopita kuli mtengo wa mfula umene tonse a pa kampu tinkaudziwa kuti uli ndi eni ake. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, ngakhale anyamata osamva a ku garaja ankaulambalala, chifukwa pamthunzi pake pankakhala Sajeni Tebatso Malatji, namwino wa gulu lopulumutsa anthu, ndi Sajeni Tiyani Maluleke, makaniko wouluka ndi helikopita. Chibwenzi chawo chinali chitatha zaka ziwiri, ndipo chaka chathunthu mwa ziwirizo chinathera pa kunyengerera bambo ake a Tebatso.

Lolemba limenelo zinthu zinkaoneka kuti zayenda. Kalata ya a kwa Maluleke inali itayankhidwa. Loweruka amalume ake a Tiyani amayembekezeka kukaima pa geti la a Malatji ku Acornhoek kukafunsira mbeta, ndipo Lachiwiri lotsatira Tiyani anali pa ulendo wa ku Congo, kukakhalako chaka chathunthu. Geti likapanda kutseguka Loweruka, ndiye kuti nkhani yonse idikira chaka. Chisanafike chilichonse mwa ziwirizi, panali mayeso omaliza a onse opita ku Congo.

"Ndiye mawa akakutaya kutchire," anatero Tebatso akupaka achali pa buledi.

"Akanditaya ngati mphaka woba nyama," anayankha Tiyani. "Masiku awiri, botolo limodzi la madzi, mpeni ndi kawailesi. Lachinayi ubwere molawirira, usayambe wadzola mafuta."

"Ukapitiriza mwano ndikusiya komweko, afisi akuzolowere."

"Afisi sadya munthu wa ku Giyani, ndife owawa."

Mayesowo ndi otere: munthu amakhala ngati ndege yake yagwetsedwa kudera la adani, amabisala, kenako anzake amabwera kudzamunyamula. Koma opulumutsa satsitsa chingwe mwachisawawa, poti wolankhula pa wailesiyo akhoza kukhala mdani amene walanda wailesi. Nchifukwa chake aliyense wouluka amalemba khadi asananyamuke. Pamakhala mizere inayi yokha, ya zinthu za moyo wake zimene mdani sangazidziwe. Opulumutsa amafunsa funso limodzi lochokera pamenepo. Ukayankha molondola chingwe chitsika, ukaphonya helikopita itembenuka. Pa mayeso timagwiritsa ntchito khadi lamasewera, lodzaza ndi mayina a agalu ndi matimu a mpira. Lenilenilo limatsekeredwa m'kabati yachitsulo, ndipo lamulo lake ndi lakuti ulembepo zoona, zosasintha, zimene sungaziiwale ngakhale mutu utang'ambika.

Tebatso ankalidziwa lamuloli, nchifukwa chake khadi la Tiyani linkamuyabwa mumtima.

"Pa khadi lenilenilo ine ndilipo?" anafunsa akumuyang'ana cham'mbali.

"Lamulo silindilola kuulula, Sajeni."

"Mizere inayi yonse, wandimana ngakhale theka la mzere?"

"Amati tilembe zosasintha. Iwe mwezi uno wokha wandikana kawiri."

Tebatso anaseka namugenda ndi mfula yakupsa. Tiyani nayenso anaseka, koma maso ake anathawira ku phiri, ndipo buledi amene anali m'manja mwake sanamumalize. Mtsikanayo anaziona, nangoti ndi mantha a kutchire.

*

Kuti mumvetse chimene chinkamulemera Tebatso, muyenera kuwadziwa a Malatji. Anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amalankhula ngati munthu amene saima pamalo osayenera. Poyamba anamukana Tiyani chifukwa ndi Mchangana, munthu wa mtundu wina. Atatopa ndi chifukwa chimenecho anati msilikali ndi mwamuna wa boma, mkazi amangobwerekedwa. Koma chifukwa chenicheni chinali Mahlodi, mwana wawo wamkulu. Mahlodi anakwatiwa mwaulemu wonse, ng'ombe zinalowa, anthu anavina. Patangotha miyezi isanu kunatulukira mayi wina ndi ana awiri ofanana ndi mkamwiniyo mphuno ndi makutu omwe. Mahlodi anabwerera kwawo ali wowonda, ndipo bambo ake sanadzikhululukire.

Choncho tsiku limene anavomera kuyankha kalata, anamuitana Tebatso pakhonde.

"Ndifunsa chinthu chimodzi chokha," anatero. "Munthu wakoyu alibe mwana kwinakwake?"

"Alibe, Papa."

"Wamufunsa?"

"Ndikumudziwa bwino, Papa."

"Sindinafunse ngati ukumudziwa. Nayenso mkulu wako ankamudziwa wake. Wamufunsa?"

Tebatso anali atatopa ndi chaka cha mikangano, ndipo khomo linali litatseguka pang'ono kwa nthawi yoyamba. Anati, "Ndamufunsa, Papa. Alibe."

Sanamufunse. Kangapo konse funsolo linafika pamilomo, koma ankaona ngati kumufunsa nkumunyoza, ndipo kunena zoona ankaliopanso yankho. Anthu okondana timatero, chinthu chimene tikuchiopa timangochipondereza ndi nthabwala.

*

Lachiwiri m'mawa Tiyani anakatayidwa kutchire pamodzi ndi anzake, aliyense kwayekha. Masana ake Tebatso anakhala yekha m'chipinda chodyera, ndipo asanamalize tiyi wake wofiira mpando wa patsogolo pake unakokedwa. Anali Kopolo Masingita Baloyi, wa mu ofesi yosunga makhadi.

Masingita ndi wa mudzi umodzi ndi Tiyani. Akapita kwawo ankabwerako ndi mphalabungu zouma zochokera kwa mayi ake a Tiyani, ndipo ankazipereka yekha m'manja mwa Tiyani, osatuma munthu. Ankamutchula kuti buti Tiyani, ngati mlongo wake, koma maso amene ankamuyang'ana nawo sanali a pachibale.

"Sesi, ndamva kuti Loweruka kuli zinthu," anatero akumwetulira, akumutchula Tebatso ngati mkulu wake.

"Makutu ako amagwira ntchito kuposa wailesi za pa kampu pano."

"Ndakondwera nanu. Kungoti zaka ziwiri ndi zochepa, sesi. Ife amene tinakula naye timadziwa pamene anagwera, pamene anadzukira."

"Ndiye udzandifotokozere pa ukwati, ndidzakusungira mpando wakutsogolo."

Masingita anasonkhezera shuga m'kapu yake pang'onopang'ono. "Ntchito yangayi ndi yolemetsa," anatero. "Munthu amabwera wamphamvu, wa mapewa, nkulemba mizere inayi akunjenjemera. Ine ndimawerenga, nkutsekera, nkukhala chete. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati kukhala cheteko kuli chilungamo."

"Ndi lamulo, Kopolo."

"Eya, ndi lamulo," anavomera Masingita, nanyamula kapu yake nkumapita.

Mawuwo anamutsatira Tebatso mpaka kunyumba. Madzulo anatenga foni nalemba kuti, "Ndili ndi funso limene ndinayenera kukufunsa kalekale." Kenako anakumbukira kuti foni ya Tiyani yatsekeredwa mu ofesi pamodzi ndi za anzake. Anafufuta uthengawo nkuyamba kusita yunifolomu imene inali yosita kale.

*

Lachinayi dzuwa litangotuluka, helikopita inanyamuka kulowera kumpoto. Woyendetsa anali Kaputeni Venter, munthu wosakonda mawu ambiri. Tebatso anakhala pafupi ndi chitseko chotsegula, chikwama cha mankhwala pamsana, kabuku kolembamo katamangidwa pa ntchafu. Pansi panali nkhalango ya tsanya yokhayokha, youma, yofanana paliponse. M'gulu lawo ntchito yofunsa funso inali yake, poti oyendetsa amakhala maso ali pa mitengo.

"Nkhwali, Nkhwali, ndi Chiombankhanga," anaitana pa wailesi. Nkhwali linali dzina la Tiyani pa mayesowo.

"Chiombankhanga, ndi Nkhwali, ndikukumvani." Mawu anali osasa ndi ludzu, koma anali ake. Mtima wa Tebatso unakhala m'malo, ndipo anamwetulira yekha.

Anatembenuza kabatani kuti alankhule ndi ku kampu. "Tamupeza. Tipatseni funso."

Anayembekezera dzina la galu, chifukwa Tiyani anali atamuuza akuseka kuti pa khadi lamasewera analembapo galu wake wakale wotchedwa Sikonyana. Mawu amene anabwera anali a Masingita, odekha, omveka bwino.

"Funso: mwana wake woyamba dzina lake ndani? Yankho: Nyiko."

Cholembera chinaima pa pepala.

"Bwerezani," anatero Tebatso.

"Mwamva bwino, Sajeni. Mwana wake woyamba. Nyiko."

Phokoso la helikopita linakhala ngati lapita kutali. Tebatso anayang'ana zilembo zisanu zimene dzanja lake linali litalemba lokha. Anadziwa nthawi yomweyo kuti limeneli si khadi lamasewera. Palibe amene amasewera ndi dzina la mwana.

"Malatji, tili ndi mphindi zitatu," anatero Kaputeni Venter. "Funsa."

Aliyense m'ndegemo ankadziwa kuti wophonya funso amasiyidwa, ndipo wosiyidwa pa mayeso omaliza dzina lake limachotsedwa pa ulendo wa ku Congo. Tiyani ankadziwanso. Komabe, poti funsolo silinali la pa khadi lamasewera, akanatha kunena kuti sakulidziwa, mlandu nkugwera a mu ofesi, iye nkupulumutsa Loweruka lake. Ndipo Tebatso, Mulungu amukhululukire, kwa kamphindi analakalaka kuti atero.

"Nkhwali, ndikufunsa," anatero, mawu ake ali owongoka ngati a munthu wowerenga nkhani. "Mwana wako woyamba dzina lake ndani?"

Wailesi inangoti shii. Helikopita inazungulira kamodzi pamwamba pa khwawa louma. Kaputeni anacheuka pang'ono.

"Nkhwali, yankha."

"Nyiko," anatero Tiyani. "Dzina lake ndi Nyiko."

Tebatso anatseka maso nawatsegulanso. "Ndi iyeyo, Kaputeni. Titsike."

*

Anatsika pa chingwe mpaka mapazi anagunda mchenga. Tiyani anali atagwada monga mwa lamulo, nkhope kumbali, manja m'mwamba, fumbi la helikopita likumukwirira. Pa mwendo wake wamanzere anali atamumangirira kachikwangwani kosonyeza kuti pa masewerawo mwendowo ndi wothyoka. Tebatso anamufika chakumbuyo, anamusecha, anachotsa mpeni, kenako anamugoneka chagada nkuyamba kumanga mwendowo.

"Tebatso," anatero Tiyani.

"Ndine Sajeni Malatji. Ukumva kupweteka pati?"

"Ndimati ndikuuze ndisanapite."

"Wovulala amayankha zimene wafunsidwa. Mutu ukuzungulira?"

"Ayi."

Anamanga bandeji mwaluso, ngakhale kuti inathina kuposa mmene buku limanenera. Kenako anamukoleka lamba, nadzikolekanso yekha pa ngowe yomweyo, chifukwa wothyoka mwendo sakwera yekha. Chingwe chinawanyamula ali chifuwa ndi chifuwa, akuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa mitengo. Tiyani ankanunkha utsi ndi thukuta la masiku awiri, milomo yake itang'ambika. Tebatso anamugwira mwamphamvu monga anaphunzitsidwira, koma maso ake anali pa mimba ya helikopita. Chiyambireni anali asanayandikanepo chotero pamaso pa anthu, ndipo zinamupweteka kuti zachitika tsiku ngati limenelo.

Atatera pa kampu, Kaputeni Venter anati gulu lachita bwino, ndipo Tiyani wakhoza. Kenako analunjika ku ofesi ya makhadi ali ndi nkhope imene tonse timaidziwa. Masingita anati anasokoneza mafailo, poti makhadi awiriwo ndi ofanana mtundu. Anadzudzulidwa kolimba, koma anatuluka mu ofesimo maso ali gwa.

*

Masana Tiyani anapita ku chipatala cha pa kampu, monga amachitira aliyense wochokera kutchire, kuti amuchotse nkhupakupa ndi minga. Namwino wina anafuna kumuthandiza, koma Tebatso anati, "Musiyeni, ndi wanga ameneyu." Anatseka katani, anatenga kopanira, nayamba ndi kumsana kuti asaonane nkhope.

"Za pa khadi sindiloledwa kuzikamba," anatero Tebatso. "Ukafuna kundiuza kanthu, undiuze ndi pakamwa pako."

Tiyani anaweramitsa mutu. "Ndili ndi mwana wamwamuna. Chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi chimodzi."

"Pitiriza."

"Ndinali ndi zaka makumi awiri, sindinkagwira ntchito, ndinkangoweta ng'ombe za bambo. Mtsikanayo dzina lake Tsakani. Makolo anga anapita kukapepesa, koma kwawoko anawabwezera pa geti, ati mwana wawo sangadye fumbi la ng'ombe. Mwanayo ndinamunyamula tsiku limodzi lokha, masana amodzi, agogo ake atandilowetsa mozemba. Dzinalo ndinamupatsa ndine. Patatha sabata ziwiri anasamuka banja lonse, osatsanzika."

"Sunawafunefune?"

"Ndinafika mpaka ku Tembisa, khomo ndi khomo. Nditalowa usilikali ndinapitanso. Achibale awo amangonditsekera zitseko." Anapuma. "Atandipatsa khadi lija nkunena kuti lemba chimene sungaiwale ngakhale ukufa, dzanja linalemba lokha."

Tebatso anazula nkhupakupa ina naiponya m'kambale. Mkwiyo umene anabwera nawo unkafuna pogwira, koma nkhaniyo inali yomvetsa chisoni kuposa mmene ankafunira.

"Zaka ziwiri, Tiyani. Wandiuza za galu wako, za dzino limene unathyola pa njinga. Za mwana ayi?"

"Tsiku limene ndinakonza zokuuza ndi limene unandifotokozera za Mahlodi. Unalira, unati mwamuna wotero sungamukhululukire. Ndinameza mawu. Kenako ndinati ndidikire undifunse, ndipo sunandifunse."

"Ndiye mlandu ndi wanga?"

"Ayi. Ndi wanga. Ndinachita mantha."

Tebatso anakhala pa mpando, kopanira kali m'manja. "Papa anandifunsa ngati ndinakufunsa," anatero motsitsa. "Ndinati eya."

Tiyani anatembenuka kumuyang'ana. Panja wina ankakankha ngolo ya mankhwala yolira gudumu limodzi.

"Amalume akuti tikhale chete mpaka mwambo utatha," anatero Tiyani. "Ndawaimbira. Akuti za malowolo zikalowa m'nyumba sizitulukanso."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Pa wailesi paja ndikanatha kukana. Sindikufuna kuyambanso kubisa."

Anavala malaya ake. Ali pa katani anaima. "Mzere wachinayi uja, wa Nyiko, wapsa, poti wamveka pa wailesi. Andiuza kuti pofika Lolemba ndilembe wina. Ndikufuna ndilembepo dzina lako, Tebatso."

"Amati ulembe zosasintha," anayankha Tebatso, akutsuka kopanira. Nthabwala ya Lolemba ija inali itabwerera, koma palibe amene anaseka.

*

Lachisanu ataweruka anakwera minibasi ya ku Acornhoek. Anapeza azakhali ake afika kale, akusesa pabwalo ndi kulamula aliyense, mipando yobwereka ku tchalitchi itaunjikidwa pakhonde. Bambo ake anali kuseri, akuthirira timitengo ta mango tomwe anabzala atapuma ntchito. Tebatso anagwada pambali pawo asanavule ndi nsapato zomwe.

"Papa, ndabwera kudzabweza mawu anga."

A Malatji sanacheuke. Madzi anapitiriza kuthira pa tsinde.

"Tiyani ali ndi mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Anamulanda ali wakhanda, sakudziwa komwe ali. Wandiuza dzulo."

"Dzulo," anabwereza bambowo. "Nanga tsiku lija unati wamufunsa?"

"Ndinanama, Papa."

Anatseka mpopi, anakulunga paipi mosafulumira, naipachika pa msomali wake. Tebatso akanakonda akanakalipa.

"Mnyamatayo sanandinamize, poti sanalankhulepo nane," anatero. "Bodza limene ndalimva ine ndi lako. Ndinakufunsa katatu, mwana wanga."

Misozi inatsika, ndipo Tebatso sanaipukute. "Ndimamukonda, Papa. Ndinaopa kuti mukana."

"Mahlodi nayenso ankaopa."

"Koma uyu sanakane mwana wake. Anali ndi mpata wokana, zonse zikanamuyendera, koma anamutchula dzina pamaso pa anthu. Mwamuna wa Mahlodi anachita zimenezo?"

A Malatji anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anatola tsamba louma pa kamtengo nalifikisa m'manja.

"Dzuka, ukudetsa yunifolomu ya boma," anatero. "Alendowo abwere mawa monga tinapangana."

Tebatso anafuna kufunsa tanthauzo lake, koma bambo ake anali atalowa kale m'nyumba.

*

Loweruka amalume atatu a kwa Maluleke anafika tambala atangotsika, atavala majekete ngakhale kunkaoneka kuti kutentha. Anaima kunja kwa geti, zipewa m'manja, nayamba kuitana mayina aulemu a mtundu wa a Malatji. Aliyense amadziwa kuti alendo otere amayamba aumitsidwa kaye, ola limodzi kapena awiri, kuti adziwe kuti mwana wa eni ake satoledwa panjira. Tebatso anali m'chipinda pamodzi ndi Mahlodi, poti mbeta sionekera. Tiyani nayenso, monga mwa mwambo, anatsala m'galimoto patali, pafupi ndi sitolo ya pamphambano.

Ola linatha, lachiwiri, lachitatu. Mawu a amalumewo anayamba kusasa. Anthu oyandikana nawo anatulutsa mipando nkumaonerera ngati mpira. Azakhali analowa m'chipindamo akupukusa mutu.

"Achimwene angawa mutu wawo ndi mwala," anatero. "Nyama ikuuma pamoto, iwo angokhala phee ndi nyuzipepala."

Mahlodi anagwira dzanja la mng'ono wake. "Ine ndikanamva ukwati usanachitike, bwenzi ndili munthu wina," anatero. "Usamusiye msanga, komanso usamukhululukire msanga."

Dzuwa lili pamutu, a Malatji anapinda nyuzipepala. Sanatume munthu monga zimakhalira. Anapita okha ku geti, ndipo Tebatso anasuzumira pa mpata wa katani, zenera lili lotsegula.

"A kwa Maluleke, ndakumvani," anatero bambowo mwaulemu. "Mwana wanu sindikumukana. Koma pali mwana wina amene anabadwa, ndipo pali mayi wake amene sitinamumve. Ine ndinalandirapo mkamwini, mayi wa ana ake nkudzabwera pambuyo. Ulendo uno ayambe ndi mayiyo. Mubwere naye, kapena mubwere ndi akuluakulu a kwawo, adzanene ndi pakamwa pawo kuti alibe nanu mawu. Tsiku limenelo geti ili ndidzatsegula ndekha."

"Bambo, mnyamatayu akunyamuka Lachiwiri," anadandaula mmodzi wa amalumewo.

"Ndiye muli ndi mawa ndi mkuja," anayankha a Malatji. Anatuma azakhali kuti awapatsire madzi akumwa pamwamba pa geti, iwo nkubwerera pakhonde.

*

Tebatso anakhala pa bedi natenga foni.

"Wamva?" analemba.

"Amalume andiuza," anayankha Tiyani. "Bambo ako sanalakwe. Koma ndakhala ndikufunafuna zaka khumi, ndipeza bwanji m'masiku awiri?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa komwe ali?"

Foni inaonetsa kuti akulemba, nkusiya, nkuyambanso. Tebatso anadikira.

"Alipo. Tsakani ndi msuweni wake wa Masingita. Ndamupempha kambirimbiri, amati sakudziwa. Sindinamukhulupirirepo."

Tebatso anawerenga uthengawo kawiri. Anakumbukira kapu ya tiyi ija, ndi shuga wosonkhezeredwa pang'onopang'ono. Kunyada kunamuuza kuti aike foni pansi. Koma anaganiza za Lachiwiri, za chaka chathunthu munthu ali ku nkhondo geti lili chitsekere, ndipo anafufuza nambala imene sanaganizepo kuti adzaiimba.

Inangolira kamodzi.

"Sesi," anatero Masingita, ngati munthu amene foni inali kale m'manja. "Ndimayesa uimba Lachinayi lomwe lija."

"Ukudziwa komwe kuli Tsakani."

"Ndikudziwa. Sali ku Tembisa. Ali ku Phalaborwa konkuno, maola awiri osakwana kuchokera pamene wakhalapo."

"Zaka zonsezi unkamuona Tiyani akuvutika, iwe uli chete?"

"Ndinalumbira kwa amalume anga, bambo ake a Tsakani, kuti sindidzaulula. Chaka chatha anamwalira, ndiye lumbiro linapita nawo." Masingita anapuma, ndipo atayambanso mawu ake analibe chipongwe chija. "Ukuganiza kuti ndinachita zija chifukwa cha nsanje. Mwina pang'ono, sindikana. Koma pali zimene sukuzidziwa, sesi. Tsakani sanakwatiwe. Mwana uja amamuuza kuti bambo ake ndi msilikali wa ndege, tsiku lina adzabwera kudzawatenga. Helikopita ikamadutsa, amathamangira panja."

Tebatso anagwira m'mphepete mwa bedi. Mahlodi ankamuyang'ana.

"Ndipatse adiresi, ndimuuze Tiyani."

"Ayi. Tsakani wamva za Loweruka lanuli. Akuti buti Tiyani adikire kaye, akufuna ayambe waona iweyo. Ukabwera mawa m'mawa ndikuperekeza, koma ubwere wekha."

Foni inaduka. Panja amalume aja ankakwera galimoto yawo, majekete atawapachika pamapewa, ndipo azakhali ankabweza mipando ya ku tchalitchi pa mulu wake. Uthenga wa Tiyani unalowa: "Wati chiyani?"

Tebatso anauyang'ana nthawi yaitali. Ntchito yake inali yotsika pa chingwe kukatenga munthu amene akudikira, koma anali asanaganizepo kuti ku Phalaborwa kuli anthu awiri amene akhala akudikira munthu yemweyo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anapukuta m'maso, nalemba pang'onopang'ono.

"Mawa ndili ndi ulendo. Mzere wachinayi uja usalembepo dzina la munthu mpaka nditabwerako."